Mutu 6: Ndiwo Zopanda Mchere

1. Chitini cha pa alumali

Nyemba zinapsa, koma Stelia sanathire mchere. Chitini cha mchere chinali pomwepo pa alumali, dzanja likanafika osadzuka n'komwe. Anachiyang'ana, nayang'ana kumbali, n'kuphula mphika.

Musaganize kuti anaiwala. Mtsikana ameneyu sanali woiwalaiwala ayi. Anali mu Fomu 1, ndipo ndiye ankasunga nyumba ya bambo ake, a Jailosi, pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kapondo. Amayi ake anabwerera kumudzi ku Dedza mvula itayandikira kuti akasamale munda, ndipo anatenga ana aang'ono onse. Stelia anatsala chifukwa cha sukulu. Kutsalako kunali kutunga madzi, kuchapa, kuphika, kenako n'kutsegula kope maso atalemera kale ndi tulo.

Nkhani ya mchere inayamba ndi azakhali ake, a Tabeth, mlongo wawo wa a Jailosi. Iwowa ankasoka fodya kushedi ndipo ankakhala mzere wachiwiri wa nyumba za antchito. Stelia atatha msinkhu amayi ake kulibe, ndi azakhaliwa amene anamulowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kumulangiza.

"Tamvera iwe," anatero a Tabeth. "Lero wakula. Ukakhala kumwezi, dzanja lako lisayandikire mchere. Ukaphika ndiwo uziitana kamwana kadzathire. Ukathira wekha udula abambo ako. Ayamba kutupa mapazi, kenako nkhope, kenako chifuwa, basi tidzangomva kuti munthu wapita. Umenewo ndiye mdulo. Ndipo si kumwezi kokha ayi. Mtsikana akayamba kuyenda ndi anyamata thupi lake limatentha, mchere wothira iye umasanduka poizoni pakhomo. Ine kutchalitchi ndimapita, kwaya ndimaimba, koma zimenezi ndinaziona ndi maso anga kwathu. Usadzanene kuti sindinakuuze."

Stelia anamva. Koma kamwana kothira mchere akanakapeza kuti? Ang'ono ake anali ku Dedza. Kuitana mwana wa aneba kunali kofanana ndi kuimirira pa mjigo n'kulengeza kwa mzere wonse kuti lero ndili kumwezi. Tsiku lina ali kumwezi, atatopa pochokera kusukulu, anangotapa mchere n'kuthira yekha.

Tsoka ilo! Sipanapite nthawi, mapazi a bambo ake anatupa mpaka majombo anakana kulowa.

A Jailosi anapita kuchipatala chaching'ono cha pafupi. Kumeneko anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anawapatsa timapiritsi tokodzetsa, nawauza kuti achepetse mchere. Mapazi aja anaphwa. Koma a Tabeth nkhani ya mapiritsi sinawakhudze n'komwe. Anamupeza Stelia akutsuka mbale kuseri kwa nyumba.

"Ndinakuona pa njinga ya Yamikani, mwana wa akapitawo," anatero motsitsa mawu. "Ukufuna uike abambo ako m'manda?"

Yamikani anali wa Fomu 2 pasukulu yomweyo. Loweruka ankayendetsa njinga yamoto ya mkulu wake, ya kabaza. Anangomunyamula Stelia kamodzi, tsiku limene mvula inamupezera panjira. Zinali zokhazo basi. Koma kuyambira tsiku limene azakhali analankhula, Stelia sanakhudzenso chitini chija. Kaya ali kumwezi, kaya sali, ndiwo zinkapita pamphasa zopanda mchere.

Bambo ake ankaseka. "Mwana wanga wamvera anamwino kuposa ine mwini matenda," ankatero, uku akumeza movutikira. Stelia ankangowerama. Nanga zoterezi mwana wamkazi angawauze bwanji bambo ake?

2. Ntchito ya moto

A Jailosi ankasonkha moto kubalani, nyumba zazitali zija zoumitsiramo fodya. Amene sanaimepo pakhomo pa ng'anjo ya balani asamanene kuti amadziwa kutentha. Moto wake sufuna kuzima, sufunanso kupyola muyeso. Munthu amanyamula zikuni, amasonkha, amalowa m'kati kukaona masamba, amatuluka malaya ali onyowa ngati wagwa mu mtsinje. Malayawo akauma ankasiya mizere yoyera kumsana, ndipo Stelia ankavutika nayo pochapa.

Ludzu lake ndiye losanena. A Jailosi ankayenda ndi chigubu chachikasu. Chikatha ankatuma wina akadzaze, chikathanso chimodzimodzi. "Madzi ndi moyo," ankatero, monga anamvera pa wayilesi. Mapiritsi aja ankamwa mokhulupirika m'mawa uliwonse, ndipo ankangokhalira kuzungulira kuseri kwa balani kukataya madzi.

Ndiye mvula itakula, anthu ambiri pa esiteti anayamba kutsegula m'mimba. A Jailosi nawo inawagwira. Chakudya chinawakanika. Ankangotsina pang'ono n'kukankha mbale, koma kuntchito sanajombe, pakuti nyengo youmitsa fodya munthu akajomba malo ake amapeza atalowa wina. Ankati akatsegula m'mimba, amwe madzi. Mutu ukawawa, amwe madzi. Miyendo ikakokana, amwenso madzi.

Stelia ankaona kuti bambo ake akufooka. Ankayankha mochedwa, ankaiwala pamene aika chipewa. Iye ankangoti ndi kutopa, pakuti pa esiteti nyengo imeneyi aliyense amayenda ngati wagona panja.

3. Anaphiri, mbuzi zalowa

Linali Loweruka masana pamene Stelia ananyamula nyemba zija kupita nazo kubalani. Asanafike anamva kuseka. Anyamata onyamula fodya anali ataima mozungulira mulu wa nkhuni.

"A Jailosi lero alawa," anatero mmodzi. "Tinkati ndi a mpingo, kani amamwera kuseri!"

Stelia anawakankha n'kudutsa. Bambo ake anali atakhala pansi, atatsamira nkhuni, chigubu chili pamiyendo. Moto mu ng'anjo unali utatsika, iwo osaona n'komwe. Munthu amene mowa sanaulawepo chibadwire cha Stelia ankaoneka ngati chidakwa cha pa msika.

"Ababa, ndabweretsa chakudya."

A Jailosi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Anaphiri," anatero, kutchula amayi ake a Stelia, "mbuzi zalowa m'munda. Bwanji mwangoima?"

"Ndine Stelia, ababa."

"Zitulutseni mbuzizo."

Atatero anasanza madzi okhaokha. Kuseka kuja kunatha. Anyamata aja anawanyamula, wina kumutu wina kumiyendo, mpaka kunyumba. Uthenga unali utafika kale kushedi, ndipo a Tabeth anabwera akuthamanga, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya.

Anagwada, nawagwira mlongo wawo pamphumi. "Achimwene! Achimwene, mukundimva?" A Jailosi anangobuula. A Tabeth anatulutsa anthu onse m'nyumba, kutsala iwo ndi Stelia. Anapita kwawo kanthawi kochepa, nabwerako ndi beseni lodzaza madzi, m'katimo muli mizu yosinja.

Tisawanamizire, a Tabeth ankawakonda mlongo wawo. Misozi inali m'maso mwawo. Koma mantha awo onse anagwera pa mwana.

"Ndinakuuza, iwe Stelia. Ndinakuuza ndi pakamwa panga pano. Poyamba anali mapazi, tinakukhululukira. Tsopano walowa kumutu. Mdulo ukafika kumutu munthu sachedwa. Mankhwala ndi awa, amwe beseni lonseli mpaka asanze zoipazo. Koma sagwira ntchito ngati wolakwa sanaulule. Ulula msanga. Unathira liti mchere? Wayenda ndi ndani? Usaope manyazi, manyazi amatha koma bambo sagulidwa kusitolo. Ukakana, maliro amenewa adzakhala ako, ndipo amako ndidzawauza ndine."

"Azakhali, sindinathire. Chiyambire tsiku lija sindinakhudze mchere ngakhale kamodzi."

"Bodza!"

"Lawani nyembazo."

A Tabeth sanalawe. Anatunga kapu m'beseni muja n'kuyamba kuwamwetsa a Jailosi. Madzi ena ankalowa, ena ankatsikira m'khosi. Kapu yachiwiri isanathe, dzanja la a Jailosi linayamba kugwedezeka lokha, nsagwada zinalumana, maso anatembenuka. Zinatenga kanthawi, kenako thupi lonse linalefuka. Ankapuma, koma akaitanidwa sankayankhanso.

"Waona?" analira a Tabeth. "Waona zimene wachita? Ulula!"

Stelia anaimirira. Anatenga kapepala ka mapiritsi pawindo, nakamanga pa nsonga ya chitenje.

"Ukupita kuti?"

"Kukaitana Yamikani. Ababa apite kuchipatala."

"Yamikani yemweyo? Mwana iwe, ulibe manyazi? Ukatuluka pakhomo pano, anthu onse adziwa kuti zimene ndimanena n'zoona."

"Adziwe, azakhali," anatero Stelia, n'kutuluka.

4. Atatu pa njinga imodzi

Anamupeza Yamikani pa mphambano pamene akabaza amadikirira anthu. Sanachedwe ndi malonje. Mnyamatayo atangomva, analiza njinga.

Munthu wokomoka sakhala yekha pa njinga yamoto. Amakhala pakati, wina kumbuyo n'kumugwira. Anyamata aja anawakweza a Jailosi, nawamangirira kwa Yamikani ndi chitenje. Akapitawo anakana kuti wantchito wina achoke, fodya anali pamoto. A Tabeth anali chilili pakhomo, manja ali m'chiuno. Choncho kumbuyo kunakwera Stelia. Kuti bambo ake asagwe, anayenera kutambasula manja, kuwakumbatira, n'kukagwira jekete la Yamikani mbali zonse ziwiri.

Mzere wonse unatuluka kudzaonerera. Amayi a pa mjigo anasiya kupopa. Wina anaseka kachiphwete, wina anati, "Si uyo, wachita kumugwira poyera." Stelia anamva zonse, koma sanasiye jekete.

Msewu unali matope okhaokha. Kawiri konse anatsala pang'ono kugwa. Mutu wa bambo ake unkagubuduka paphewa pake, wolemera ngati dzungu. Pa chipatala chaching'ono chija anamwino atangowaona anati matendawa ndi a ku boma, ndipo mwamwayi ambulansi inali pomwepo itabwera kudzatenga mayi wapakati. Yamikani anabwerera. Stelia anakhala pansi m'galimotomo, atagwira phazi la bambo ake. Silinali lotupa ngakhale pang'ono.

5. Funso la adokotala

Ku chipatala cha pa boma anawagoneka a Jailosi pabedi, anawatenga magazi, nawaika diripi. Anayeza malungo, sanapeze. Anayeza shuga, anali bwino. Stelia anadikira pa benchi mpaka msana unauma. Dzuwa litapendeka a Tabeth anatulukira, atakwera matola, atanyamula mphika ndi kathumba ka ufa. Anangokhala kumapeto kwa benchi.

Adokotala amene anawaitana anali bambo wa imvi zapatalipatali, dzina lawo a Vitus. Maso awo anali ofiira ndi kutopa, ndipo ankalankhula atatsamira khoma.

"Wakhala akuwasamala ndani bambowa?"

"Ndine," anayankha Stelia.

"Amamwa mankhwala ena alionse?"

Stelia anamasula nsonga ya chitenje, napereka kapepala kaja. A Vitus anakayang'ana n'kugwedeza mutu. Anafunsa za ntchito, Stelia anafotokoza za balani ndi chigubu. Anafunsa za m'mimba, anafotokozanso. Anafunsa ngati anamwetsedwa kanthu asanabwere. Apa a Tabeth anayang'ana kudenga, ndipo Stelia anangoti, "Madzi a mizu, makapu awiri."

"Nanga kudya? Mchere amadya wochuluka bwanji?"

"Sadya."

"Anachepetsa?"

"Ayi. Sindithira n'komwe."

"Ngakhale pang'ono? Anakuuza ndani zimenezo, anamwino?"

Stelia anamva chigongono cha azakhali chikumugunda m'nthiti. Zimenezi sizinenedwa kwa mwamuna, ndiponso pafupi panali odwala ena atatchera makutu. Akanatha kungoti inde, anamwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma analankhula zoona.

"Anandilangiza kuti ndikathira mchere ndili kumwezi ndidula ababa. Nditathira kamodzi anatupa mapazi. Ndiye ndinaopa, ndinasiyiratu. Adokotala, ndiuzeni zoona. Ndawadwalitsa ndine?"

A Vitus sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pansi.

"Mwana wanga, tamvera bwino, nanunso mayi mumve. M'magazi a munthu muli mchere wake, timautcha sodiyamu. Umafunika ukhale pa muyeso. Ukatsika kwambiri, madzi amalowerera m'bongo, bongo n'kufufuma. Ndiye munthu amamva mutu, amasanza, amasokonezeka ngati waledzera, amakomoka, ena amafa kumene. Bambo akowa sodiyamu wawo watsika kwambiri, ndipo sanatsike ndi chinthu chimodzi ayi.

"Mapiritsi awa ndi abwino, ndipo anachita bwino kumamwa. Koma pokodzetsa amatulutsa madzi pamodzi ndi mchere. Thukuta la kubalani nalo ndi mchere, sunaone malaya awo akuyera kumsana? Kutsegula m'mimba ndi kusanza ndiye kumakokolola wambiri. Tsono wonsewo ukutuluka, iwo akubwezera chiyani? Madzi okhaokha, chigubu ndi chigubu. Zili ngati ndiwo zimene ukungothira madzi, mchere umasukuluka. Kudya anasiya, ndipo kochepa kamene amadyako kanalibe mchere. Kusathira kwako pakokha sikukanawagwetsa. Kunangowonjezera pa zinazi.

"Alipo ena amabwera kuno ndi vuto lomweli chifukwa cha mtima, impso kapena chiwindi. Ena ndi omwa mowa osadya. Bambo akowa tiwayeza zonsezo. Koma munthu womwa mapiritsi awa akatsegula m'mimba azibwera kuchipatala msanga, ndipo azimwa ORS, madzi aja a shuga ndi mchere, osati madzi okha. Komanso musamve molakwa n'kukayamba kuwadyetsa mchere wodzaza dzanja. Mungawaphe ndi kuthamanga kwa magazi. Ngakhale ife kuno timaukweza pang'onopang'ono, kufulumira kumawononga bongo. Anamwino anati achepetse. Sananene kuti asiye."

"Ndiye mdulo mwaupeza kapena ayi?" anafunsa a Tabeth.

"Mayi, ine ndanena zimene ndapeza m'magazi."

"Makina anuwo za mdulo sangazione."

A Vitus anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mwina. Koma beseni lija mukanamaliza, bwenzi pano tikukamba zina. Mwanayu anachita bwino kuthamanga." Anaimirira, nayang'ana Stelia. "Chinanso. Mapiritsi aja tayamba tawaimitsa, ndipo tikuwapatsa madzi a mchere m'diripi. Mapazi akhoza kutupako pang'ono masiku ano. Zikatero usadabwe, si dzanja lako. Akayamba kudya, uziwathirira mchere wapang'ono monga umathirira kale."

A Tabeth anali atatembenuka kale, akumanga mpango wawo. Kaya mawu omalizawa anawamva, kaya sanafune kuwamva.

6. Zala zitatu

Masiku otsatira anali olemera. Stelia ankagona pa simenti pansi pa bedi, ankachapa, ankatunga madzi, ankathamangira anamwino diripi ikatha. Za sukulu anangoziika pambali. Pang'onopang'ono a Jailosi anabwerera. Anayamba ndi kutsegula maso, kenako anafunsa kuti ali kuti. M'mawa wina anamuyang'ana n'kunena kuti, "Stelia, moto anasonkha ndani?" Mtsikanayo anatuluka panja kukalira, chifukwa anali atamutchula dzina lake.

Tsiku limenelo anamwino anati wodwala akhoza kudya. Ndipo monga mwa tsoka lake Stelia, linali tsiku lomwelo limene anapita kumwezi. Azakhali anadziwa, pakuti ankagona mphasa imodzi.

Kukhitchini ya magadiyani kunali utsi ndi phokoso, mayi aliyense pa mafuwa ake. Stelia anaphika nkhwani wotendera. Utapsa, anatenga kapepala ka mchere kamene mayi wina wa ku Mavwere anawagawira.

"Siya," anatero a Tabeth. "Ana ndi awo akusewera apo. Itana mmodzi."

Kunena zoona, kuitana mwana sikunali kovuta. Ana analipo ambiri, ndipo pano panalibe aneba oti amuseke. Mchere ukanalowa ndithu m'ndiwo, adokotala akanakondwa, azakhali akanakondwa. Mapazi akanatupa, palibe akanaloza Stelia chala.

Koma akabwerera ku esiteti? Mwezi wamawa, ndi winawo? Chitini chija chikanakhalabe pa alumali chikumuopseza, ndipo iye akanakhalabe mtsikana amene dzanja lake limapha.

Anatsina mchere ndi zala zitatu, nawaza mu mphika, n'kutakasa.

"Mayo ine!" a Tabeth anagwira pakamwa. Amayi oyandikana nawo anatembenuka. Stelia anapakula, navundikira mbale, n'kulunjika kuwodi. Azakhali anali pambuyo pake.

A Jailosi anali atakhala tsonga, atatsamira pilo. Anali ataonda, masaya atalowa. Stelia anagwada n'kuwapatsa madzi osamba m'manja.

"Achimwene, musadye," anatero a Tabeth, akupuma mofulumira. "Ndikukupemphani, musadye ndiwo zimenezo. Mwangochoka kumene kumanda. Mufunseni mwana wanuyu amene wathira mchere, ndiponso mumufunse kuti ali bwanji lero. Ife tinakulira nyumba imodzi, mwambo mukuudziwa. Amayi athu sanathirepo mchere masiku oterewa mpaka anamwalira. Kodi iwo anali opusa? Ine ndatopa, achimwene. Ndasiya ntchito yanga kushedi, ndikugona pa simenti chifukwa cha inu. Musandipatse ntchito yonyamula maliro."

A Jailosi anayang'ana mwana wawo. "Stelia?"

"Ndathira ndine, ababa. Ndi dzanja langa." Sanathe kunena zambiri, ndipo panalibe chifukwa. Bambo ake anakulira ku Dedza, anamva zonse.

"Ndiye masiku onse aja," anatero pang'onopang'ono, "sunali kumvera anamwino?"

"Ndinkaopa kukuphani."

A Jailosi anayang'ana mlongo wawo, amene misozi inali itayamba kale kutsika. Anayang'ana mbale. Nawonso mantha anali nawo. Anasamba, anatema mbamu ya nsima, anapisa mu nkhwani muja, n'kudya. Anatafuna nthawi yaitali.

"Koma ndiye ndinazisowa ndiwo zokoma," anatero. "Wonjezera pang'ono nkhwaniwo, mwana wanga."

A Tabeth anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mawu awo anatuluka otsika, opanda ukali, ndipo anali oopsa kuposa kukalipa kuja.

"Chabwino. Alamu, amake a mwanayu, ndawaimbira kale, akwera basi ya m'mawa kuchokera ku Dedza. Ndawauza za njinga, ndiwauzanso za lero. Akafika tidzavundukula bulangeti limeneli onse tili pompano. Mapazi akadzapezeka otupa, mwanayu sukulu yathera pomwepa, abwerera ndi amake kumudzi." Atatero anatuluka.

Bambo ake atamaliza kudya anagona. Stelia anatsuka mbale, nabwerera pa bedi. Anakweza bulangeti pang'ono n'kuyang'ana mapazi aja. Anadina chala pamwamba pa phazi lamanzere monga ankachitira anamwino, ndipo atachotsa panatsala kadzenje kakang'ono.

Anawafunditsa bwinobwino. Kenako anatenga kapepala ka mchere kaja, nakamanga pa nsonga ya chitenje chake, chifukwa woti aphike ndiwo za mawa anali iye yemwe.